Tsiku limene nyumba imasanduka lesitilanti

Mikangano yambiri ya anansi ku Kitwe ndi ku Ndola yokhudza malo odyera imatsamira pa chiganizo chimodzi cha m'malamulo, chofotokoza ntchito zimene munthu sangachite pa poloti yake popanda chilolezo. Mu Town and Country Planning Act, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 1962 dziko la Zambia likadali Northern Rhodesia, chiganizochi chili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ikunena za kumanga, kumanganso, ndi ntchito zina zochitika pamwamba kapena pansi pa nthaka. Yachiwiri ikunena za kusintha kwakukulu kwa ntchito imene malo kapena nyumba ikugwira. Lamulolo linachotsedwa pamene kunabwera Urban and Regional Planning Act ya 2015, koma mfundo yoti kusintha ntchito ya malo kumafuna chilolezo monga kumanga inatsalabe.

Mbali yoyamba siivuta. Khoma limaoneka, ndipo wa ku khonsolo akhoza kuliyeza ndi tepi.

Yachiwiri ndiyo ili ndi nkhani. Wolemba lamuloli ankaganiza kuti pali tsiku limene kusinthako kumachitika: dzulo inali nyumba yogona, lero ndi malo a malonda, ndipo mwini wake amayenera kupempha chilolezo tsikulo lisanafike. Koma tiyerekeze mayi wa ku Nkana East ku Kitwe kapena ku Kansenshi ku Ndola. Amayamba ndi mapoto awiri pakhonde, nsima ndi nkhuku ya lokolo, akugulitsa kwa amakaniko a pafupi. Makasitomala akachuluka amaika benchi pansi pa mtengo wa mango. Mvula ikayamba amakhoma malata pamwamba pa benchiyo. Kenaka pamabwera firiji ya zakumwa, mbaula yowotcherapo nyama, ndipo Lachisanu madzulo mwana wake amatulutsa sipika. Pa zonsezi, ndi liti pamene nyumbayo inaleka kukhala nyumba? Lamulo silikutchula chiwerengero cha mipando kapena cha mbale. Langoti kusinthako kukhale kwakukulu, muyeso wake n'kuusiya m'manja mwa khonsolo. Sindikuti olemba analakwa pamenepa, chifukwa akanaika nambala aliyense akanamalekeza mpando umodzi isanakwane. Koma zotsatira zake n'zakuti mwini malo ndi mnansi wake onse amakhala osadziwa pamene pali malire mpaka tsiku limene wina wapsa mtima.

Chiganizochi si chobadwira kuno. Chinatengedwa ku lamulo la ku Britain la 1947, ndipo chinafika m'mizinda imene inali itagawidwa kale ndi eni migodi. Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936 pafupi ndi mgodi wa Nkana. M'makomboni a mgodiwu a Wusakile ndi Chamboli nyumba zinali za kampani, ndipo wogwira ntchito sakanayerekeza kusandutsa khonde la abwana ake kukhala malo odyera. Lamulo linkagwira ntchito mosavuta chifukwa mwininyumba anali mmodzi. Zinthu zinatembenuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene nyumba za migodi ndi za makhonsolo zinagulitsidwa kwa anthu okhalamo, ndipo mu 2000 mgodi wa Nkana unachoka m'manja mwa kampani ya boma ya ZCCM kupita ku kampani ya Mopani. Anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Anatsala ndi nyumba ndi bwalo lake, ndipo mpamba wawo unali womwewo. Chiganizo cholembedwera mzinda wa anthu olandira malipiro pamwezi chinayamba kuweruza anthu odya za tsiku lomwelo.

Tikachiwerenganso, tipeza kuti mnansi mulibemo. Chikukamba za nthaka ndi nyumba. Utsi wa makala wolowa m'zovala zoyanika, magalimoto otseka geti, madzi otsukira mbale odzaza m'ngalande, makasitomala okodza kuseri kwa mpanda: zinthu zimene anthu amakanganirana kwenikweni sizikutchulidwa. Zina zili m'malamulo ena, monga Public Health Act ndi Liquor Licensing Act ya 2011, kotero wodandaula amayenda ofesi ndi ofesi ndi dandaulo limodzi lomwelo. Khomo limene malamulo a kamangidwe amutsegulira ndi loti, mwini malo akapempha kusintha ntchito ya poloti ndipo pempholo likalengezedwa, iye alembe kalata yotsutsa. Apa m'pamene pepala limasiyana ndi moyo wa m'komboni. Kulembera khonsolo, dzina lako lili pansi, motsutsana ndi mayi amene anagona pa maliro a bambo ako, si chinthu chapafupi. Ambiri amangong'ung'udza, ndipo kusalemba kwawoko kumaoneka ngati avomera.

Palinso chokhota china. Amene watsata njira, n'kulipira wojambula mapulani ndi ndalama za pempho, ndiye amadziika poyera kuti atsutsidwe. Amene wangokhoma malata usiku amadikira kuti mwina kalata yomulamula kugwetsa sidzabwera.

Komatu chida chothandiza chili m'lamulo momwemo. Khonsolo ili ndi mphamvu yopereka chilolezo chokhala ndi zoyenera kutsata, osangoti inde kapena ayi. Ikhoza kunena ola lotsekera, kumene utsi uzitulukira, poimika magalimoto, ndi kuti chimbudzi cha makasitomala chimangidwe mipando isanawonjezedwe. Mnansi wanzeru nthawi zambiri safuna kuti mnzake atseke bizinesi, amafuna kugona usiku ndi kutulutsa galimoto yake m'mawa. Vuto n'lakuti zoyenera kutsatazi zimalembedwa pokhapokha pempho litafika pa desiki, ndipo pempho limafika mochedwa chifukwa palibe anadziwa tsiku loyenera kulipereka. Lamulo la 2015 limalola makhonsolo kukonza mapulani a dera limodzilimodzi anthu okhalamo atafunsidwa maganizo awo. Khonsolo ya Kitwe kapena ya Ndola ikhoza kugwiritsa ntchito mapulani oterewa kunena pasadakhale misewu imene malo odyera ang'onoang'ono akuloledwa ndi msinkhu umene mwini wake ayenera kubwera ku ofesi ndi mapepala.