Bedi la Matiresi Opopa ndi Chikhatho cha Mmisiri

Matiresi opopa anawapanga kuti aziyalidwa pansi. Mlendo akabwera mumawatulutsa m'katoni n'kupopa, iye n'kugona. Kukacha mumaphwetsa, n'kupinda, n'kubwezera pamwamba pa wodirobu. Pa chinkhoswe, pa maliro, pa Khirisimasi abale akadzaza nyumba, matiresi amenewa amachotsa mwininyumba manyazi. Koma masiku ano alipo ambiri amene akugonapo tsiku ndi tsiku: mnyamata amene wangoyamba ntchito m'tauni, mphunzitsi amene amutumiza kusukulu yakutali, banja limene labwera nawo m'chikwama kuchokera ku Johannesburg. Oterewa sachedwa kuzindikira kuti simenti ya mwezi wa Juni ilibe chisoni. Mpweya wa m'matiresi sutchinga kuzizira. Umangozungulira m'katimo, kutenga kutentha kwa msana wa munthu n'kukakutaya pansi. Ndipo pansipo sipasowa mchenga, kamwala, kapena kachidutswa ka botolo kamene tsache linakaphonya. Apa m'pamene munthu amayamba kufuna bedi.

Bedi wamba, lija timaliona m'mbali mwa msewu ku Ndirande kapena ku Mchesi, analiganizira matiresi a siponji. Pakati pake pamakhala timatabwa topingasa, totalikirana mwina chikhatho chathunthu, kawirikawiri tosapala n'komwe poti sitioneka. Siponji alibe nazo mlandu zimenezo. Amadutsa pamwamba pa mipatayo, ndipo msomali ukatulutsa mutu amangoumeza. Matiresi opopa ndi ena. Ndi chikopa cha pulasitiki ya PVC chosakwana milimita imodzi kuchindikala, chomatidwa m'mbali, ndipo m'kati mwake muli timizere tolumikiza kumwamba ndi kunsi kuti asatupe pakati. Amatenga maonekedwe a chilichonse chimene chili pansi pawo. Munthu akagonapo, mpweya umathawira kumene kuli mpata, chikopacho n'kutupira pakati pa timatabwa tija. Akatembenuka, chotupacho chimakhuzika pa ngodya ya thabwa. Usiku umodzi palibe chimene chimachitika. Pakapita miyezi pamabadwa kabowo kosaoneka ndi maso, ndipo munthu amadzidzimuka m'bandakucha nthiti zili pa thabwa. Bedi lachitsulo la mawaya ndiye silichedwa n'komwe.

N'chifukwa chake ndimagoma ndi kalipentala amene amadziwa kupangira matiresi amenewa bedi. Anzake amagulitsa ndi zooneka: kumutu kwa bedi kokutidwa ndi nsalu yonyezimira, mabatani, vanishi wowala. Iyeyu luso lake lonse amalithira pamalo pamene matiresi akangoyalidwa, palibe adzaonenso.

Amayamba ndi kukana kuyeza pa katoni. Manambala olembedwa pamenepo amawawerenga, koma amapempha mwini wake kuti abwere ndi matiresiwo, apope, agone choncho mpaka mawa. Akudziwa kuti PVC yatsopano imatanuka masiku oyamba, moti matiresi opopedwa lero si ofanana ndendende ndi a mawa. Akudziwanso kuti miyeso imene anazolowera ingamunamize. Matiresi ambiri a siponji kuno kum'mwera kwa Africa ndi otalika masentimita 188, ndipo mabedi a m'misika amawadula molingana ndi zimenezo. Matiresi opopa aakulu a Intex kapena Bestway, aja amalemba kuti queen, ndi a masentimita 152 m'lifupi ndi 203 m'litali. Kusiyana kwa masentimita 15 kumeneku kwapindira matiresi ambiri kumiyendo, ndipo pamene apindikira m'pamene amayambira kuphwa. Tsono mmisiri amagwada ndi tepi yake, kuyeza kumutu, pakati ndi kumiyendo, chifukwa matiresi opopa amatupirako pakati pa mbali zake, ndipo muyeso woona uli pamene atupira kwambiri.

Pa muyeso umenewo amawonjezera mpata wa chala chimodzi mbali iliyonse. Chala chimodzi chokha, ndipo apa pali nzeru. Mpweya umamvera nyengo. Kutentha kukatsika kuchoka pa madigiri 30 masana kufika pa 15 usiku, mpweya umanyala ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse. N'chifukwa chake anthu a ku Dedza ndi ku Mzuzu amaganiza kuti matiresi awo abooka pamene ali bwinobwino. Masana a Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, zimatembenuka: matiresi amakula n'kukankha matabwa. Bedi likawathina, misoko ya matiresiwo ndiyo imalipira. Likawakulira, amayendayenda usiku wonse, n'kusiya dzenje m'mbali.

Kenako matabwa. Amene ali ndi ndalama amafuna mlombwa kapena mbawa, ndipo sindingawatsutse: mlombwa supindika wamba ukauma, chiswe chimaulemekeza, ndipo pulena ikadutsapo pamasalala mokoma. Bulugamu ndi wolimba koma wamakani. Akamauma amapotoka ndi kung'aluka, ndipo mng'alu uliwonse ndi mpeni kwa matiresi. Mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo mmisiri wolongosoka saugwira. Ambiri amathera pa paini. Nkhalango ya Chikangawa, imene inabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000 poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe, yadyetsa amisiri a dziko lino kwa zaka zambiri. Koma moto ndi kudula kosabwezeretsa zaichepetsa kwambiri, moti matabwa ochuluka pamsika ndi a mitengo yanthete, ochekedwa dzulodzuloli, akadali ndi madzi. Mmisiri amanyamula thabwa lililonse kuti amve kulemera kwake. Amaligogoda ndi mfundo ya chala: louma limalira, laliwisi limangoti phi. Amaliika kudiso kuyang'ana ngati lawongoka. Limene lili ndi mfundo yakuda yogwedera amaliika pambali, pakuti mfundo yotere tsiku lina imagwa n'kusiya bowo la m'mphepete mwakuthwa, ndipo ina imatulutsa utomoni kukatentha. Thabwa loterolo lingakhale mwendo, lingakhale mtanda wa kunsi, koma pamene pagone matiresi ayi.

Polumikiza chimango sadalira misomali. Amaboola mwendo ndi tchizulo, n'kusema lilime kumapeto kwa thabwa lam'mbali kuti lilowe m'bowomo mothina, loti ulimenye ndi chibakera lilowe koma lisatuluke lokha. Kumutu ndi kumiyendo amamata ndi guluu. Matabwa aatali am'mbali amawamanga ndi mabawuti, mitu yake ili kunja, chifukwa akudziwa kuti mwini matiresi opopa nthawi zambiri amakhala wa lendi, ndipo bedi lake liyenera kumasuka n'kukwera pa ngolo kapena pa kalole tsiku losamuka. Pakati amadutsitsa mtanda kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, wokhala ndi mwendo wakewake. Asanamange kotheratu amayeza kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasana nayo, kenako inzake. Manambala awiriwo akafanana, chimango chakhala bwino. Akasiyana ngakhale pang'ono amamasula n'kuyambiranso, osanyinyirika.

Tsopano tafika pamene pali mtima wa ntchito yonse, pogona matiresi penipeni. Apa pamafunika pafulati popanda mpata. Ena amayala plywood wa mamilimita 12 kapena kuposa pamwamba pa mitanda. Ena, amene ndimawakonda kwambiri, amapala matabwa n'kuwagundaniza mpaka mzere wa pakati pawo kusowa pansi pa chala. Sikuluwu iliyonse amayamba waikumbira kadzenje kuti mutu wake umire kunsi kwa nkhope ya thabwa. Akamanga amasakaniza utuchi wosalala ndi guluu, n'kutseka kadzenjeko, n'kudikira kuti paume, n'kupala. Wokonza njinga amachita chimodzimodzi akamakuta mitu ya masipoko ndi lamba wa mphira asanaike chubu mu limu: chinthu chosunga mpweya chisakhudzane ndi chitsulo paliponse. Ngodya iliyonse ya m'kati amaiphwanya ndi pulena kuti ikhale yobulungira. Kenako sandipepa, wokhakhala poyamba, wapakati, womaliza wosalala, motsata mizere ya thabwa osati moidula.

Ndiye pali kanthu kena kamene kangaoneke ngati kakutsutsana ndi zonsezi. Atavutika kutseka mipata yonse, amatenga choboolera n'kuboola timabowo ting'onoting'ono apa ndi apo. Chifukwa chake n'chakuti PVC sipuma. M'nyengo yadzinja, kapena chiperoni chikakhazikika ku Thyolo ndi ku Mulanje, chinyezi chimasonkhana pakati pa matiresi ndi thabwa, ndipo posakhalitsa pamamera nkhungu yakuda ndi fungo. Timabowoto timalowetsa mphepo kuchokera kunsi. Koma n'tating'ono moti chikopa cha matiresi sichingatupiremo, ndipo pakamwa pa kabowo kalikonse amapasalaza ndi kasandipepa kokulungidwa pa pensulo. Ndaonapo mmisiri wachikulire akuchita zimenezi bowo ndi bowo, dzuwa likupendeka, palibe womuyang'anira. Sindidziwa ntchito ina ya matabwa imene imafuna kudekha kotere pa chinthu chimene wogula sangachifunse n'komwe.

Maso akakhuta, amawasiya n'kugwiritsa chikhatho. Amayendetsa dzanja pang'onopang'ono pathabwa ponse, nkhope atayang'ana kwina, chifukwa khungu limamva kachisonga kamene diso silingakaone. Koma chikhatho cha kalipentala n'chokhakhala ndi ntchito, ndiye sachikhulupirira kotheratu. Amatenga kansalu kopyapyala koterera n'kukakoka pamwamba pa matabwawo. Pamene kakodwa, pamenepo pali mdani, ndipo sandipepa amabwereranso. Amasiya pokhapokha kansaluko katayenda kuchokera kumutu mpaka kumiyendo osaima. Vanishi amapaka wopyapyala ndipo amamulekerera masiku angapo, popeza PVC imamatirira pa vanishi wosaumitsa, ndipo poimatula mungathe kuisupula.

M'mbali monse amasiya kampanda kotchinga matiresi kuti asatsetsereke, pakuti ndi opepuka kwambiri moti mwana angawanyamule ndi dzanja limodzi. Kutalika kwa kampandaka n'kofunika kukuganizira. Kakafupika, matiresi amakwera pamwamba pake munthu akatembenuka. Kakatalika, munthu akakhala m'mphepete kuti avale nsapato, matiresi amabonyoka ndipo ntchafu imakagunda thabwa. Amisiri odziwa amakafikitsa chapafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa matiresi, pamwamba pake n'kupabulungiza. Ndipo saiwala pakamwa popopera. Amayang'ana pamene pali valuvu, kapena pampu yamagetsi ngati matiresiwo ali nayo m'kati, n'kudula kampandako pamenepo kuti dzanja ndi chingwe zizilowa. Matiresi opopa amafuna kuwonjezera mpweya pafupipafupi; bedi lokakamiza munthu kuwatulutsa nthawi iliyonse akafuna kupopa ndi bedi lolephera, likongole bwanji.

Miyendo amaidula poyang'ana matiresi. Alipo a masentimita 22 kapena 25, alipo ena ofika 46. Aataliwa mukawaika pa bedi la msinkhu wamba, agogo sangakwerepo, ndipo wogona m'mphepete akagwa amagwa kutali. Mmisiri amafuna kuti zonse pamodzi zifike cha m'mawondo a mwini wake, komabe kunsi kutsale mpata woti tsache lilowe. Akamaliza amaimika timitengo tinayi ta neti m'ngodya zakunja, kuti pasapezeke wina wokhoma msomali pafupi ndi matiresi. Ming'alu yonse ya chimango amaitseka, nsikidzi zisapeze nyumba. Ndipo amalangiza kuyala bulangete lakale pathabwa matiresi asanagonepo, kuti lithetse kulira kuja kwa pulasitiki ikamakhuzana ndi thabwa, ndi lina pamwamba, kunsi kwa shiti, loteteza msana ku kuzizira.

Pali chinthu chimodzi chimene bedi labwino silingakonze, ndipo ndiyenera kuchinena mosabisa. Khanda lisagone pa matiresi opopa. Opanga ake amalemba chenjezo pa matiresi penipeni loletsa kugonekapo mwana wosakwana miyezi 15, chifukwa nkhope yake imatha kumira m'pulasitiki yofewa, kapena iye n'kugwera pakati pa matiresi ndi thabwa, n'kubanika.  Kwa khanda, mphasa yoyalidwa bwino pansi ndi yabwino kuposa.

Bedi lotere silikopa maso pamsika. Mukaliimika pafupi ndi lija la mabatani ndi magalasi, ambiri adzaloza linzakelo, ndipo akamva kuti mtengo wake ndi wofanana kapena woposa adzati mmisiri akuwabera. Sakuwabera. Matabwa owonjezera a pogona, plywood, mabawuti, ndi tsiku lathunthu la sandipepa, zonsezo zili m'mtengomo, ndipo n'zimene zimachititsa kuti matiresi amene akanatha m'miyezi yowerengeka akhale nthawi yaitali. Tsono inu amene mukupita kukasankha bedi la matiresi anu opopa, nyamulani matiresiwo ndi pampu yake, osati manambala a pa katoni. Mukafika musayambire kumutu kwa bedi. Weramani, muike chikhatho pamene matiresi adzagone, muchiyendetse mpaka m'ngodya zonse zinayi. Chikayenda osakodwa paliponse, mupatseni mmisiriyo ndalama imene watchula, musamunenerere.