Kuwala kumene kunathandiza kupeza ma ARV: kusanthula lipoti la 1990

Pa 23 February 1990, magazini ya Science inasindikiza lipoti la masamba asanu lolembedwa ndi akatswiri anayi a kampani ya Abbott ku Illinois, m'dziko la America. Mayina awo ndi Edmund Matayoshi, Gary Wang, Grant Krafft ndi John Erickson. M'lipotimo mulibe wodwala, mulibe chipatala, ndipo palibe mankhwala amene akulonjezedwa. Komabe munthu wa ku Misuku amene anamwapo lopinavir kapena atazanavir likumukhudza, chifukwa likuyankha funso limene mankhwala onse a gulu limeneli anayamba afunsidwa: kodi tidziwa bwanji kuti protease ya kachilombo ka HIV yaleka kugwira ntchito?

Olembawo akuyamba ndi chifukwa, njira ikubwera pambuyo. Protease ndi enzyme yodula mapuloteni. Amayi amene amakulunga nyama yolimba m'masamba a papaya amaidziwa ntchito yake, pakuti utomoni wa papaya uli ndi protease yotchedwa papain, imene imafewetsa nyamayo. Nayo HIV ili ndi protease yakeyake. Kachilomboka kakalowa m'selo, kamapanga mapuloteni ake ali olumikizana, ndipo protease ndiyo lumo lowadula m'malo oyenera. Lumolo likabuntha, tizilombo timatuluka tosakhwima, tosatha kulowa m'selo ina. Mfundo yonseyi olembawo aiika m'chiganizo choyamba, ndipo zotsatira zonse zatsamira pamenepo.

Pachimake pa lipotili pali mzere umodzi wofotokoza chinthu chimene anayiwo anapanga: DABCYL, kenako Ser, Gln, Asn, Tyr, Pro, Ile, Val, Gln, pomaliza EDANS. Mzerewu ndi woyenera kuuwerenga mosathamanga. Mayina asanu ndi atatu apakatiwo ndi ma amino asidi, ndipo sanawasanje mwachisawawa. Anakopera malo enieni amene protease imadula pa puloteni ya HIV yotchedwa Gag. Malo odulawo ali pakati penipeni, pakati pa Tyr ndi Pro. Kusankha kumeneku n'kwanzeru, chifukwa ma protease ambiri a m'thupi la munthu sadula kutsogolo kwa Pro, pamene ya HIV imadulapo bwinobwino.

Mayina a m'mphepete ndiwo akubweretsa kuwala. EDANS akawombedwa ndi kuwala kwa 340 nm, kumene maso saona, amabweza kuwala kwa 490 nm, kobiriwira. DABCYL ntchito yake ndi kuzimitsa: akakhala pafupi, amalanda mphamvu ya EDANS isanasanduke kuwala. Katswiri wa ku Germany, Theodor Förster, anafotokoza kale mu 1948 kuti kulandana mphamvu kotereku kumadalira kwambiri mtunda. Awiriwo akangotalikirana pang'ono, kumatheratu. Choncho mzerewo ukadali wathunthu, mashini amaona mdima. Protease ikadula, zidutswa ziwirizo zimasiyana, EDANS n'kuyamba kuwala. Wofufuza mankhwala akufuna zosiyana ndi zimenezi: akathira mankhwala ake, kuwala kusakwere.

Ndondomeko ya umboni ikuonetsa kuti olembawo ankadziwa kumene wotsutsa angawagwire. Choyamba akutsimikiza kuti protease inadula pakati pa Tyr ndi Pro, osati pena paliponse. Chachiwiri akuonetsa kuti kuwala kumakwera mofanana ndi kuchuluka kwa zodulidwa: zikawirikiza kawiri, nako kuwala kuwirikiza kawiri. Popanda zimenezi kuwalako kukanangonena kuti chinachake chachitika, osanena kuti chachitika mochuluka bwanji. Chachitatu ndi nambala: kuwala kunakwera ka 40. Kusiyana kwakukulu chonchi n'kumene kumalola munthu kuyeza ngakhale protease itakhala yochepa.

Kenako lipotili likupatukira ku kachilombo ka nkhuku kotchedwa AMV, ndipo wowerenga angadabwe kuti nkhuku zalowa bwanji. Anayiwo anasintha ma amino asidi apakati kuti agwirizane ndi protease ya AMV, kuwala n'kukwera ka 34.4. Apa akutiuza kuti zimene apeza si mwayi wa kamodzi. Bola DABCYL ndi EDANS akhale m'mphepete, pakatipo mutha kuikapo malo odula a protease ina. Patatha zaka 30, ofufuza ambiri anachitadi zomwezo poyeza protease ya kachilombo ka Covid-19.

Podzitama, olembawo sakupyola muyezo. Akungoti njira yawo ndi yosavuta, yachangu ndi yolondola poiyerekeza ndi zakale za HPLC ndi electrophoresis. M'njira zakalezo munthu ankaimitsa ntchito ya enzyme, kutunga pang'ono, kulekanitsa zidutswa, kenako kuyambiranso. M'njira yatsopanoyi amangoyang'ana mzere ukukwera pa mashini nthawi yomweyo. Kwa kampani yofuna kuyesa mankhwala mazanamazana, changu chimenechi chinali chuma.

Koma pali zimene kuwalaku sikungaone, ndipo wowerenga wa lero ayenera kuzitchula. Kabotolo ka m'labu kalibe chiwindi, kalibe mimba. Ritonavir wa Abbott, amene analoledwa ku America mu 1996, ankatseka protease mwamphamvu, koma odwala ambiri ankachita naye nseru ndi kutsekula m'mimba. Masiku ano amaperekedwa pang'ono, ntchito yake n'kuchedwetsa chiwindi kuti chisaphwanye msanga mankhwala anzake. N'chifukwa chake lopinavir, amene anatuluka mu 2000, amayendera limodzi ndi ritonavir. Chinanso, mankhwala okhala ndi mtundu amatha kumeza kuwala, munthu n'kuganiza kuti protease yatsekeka pamene ikudulabe. Komanso kafukufuku wa nthawi imeneyo anatsamira pa HIV ya mtundu B, yofala ku America ndi ku Ulaya, pamene ku Malawi kuno wofala ndi mtundu C. Kuti mankhwalawa amagwiranso mtundu C, zinatsimikizika ndi kafukufuku wina komanso odwala enieni.

Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Mankhwala otseka protease anakhala pothawira pa anthu amene mankhwala oyamba awakanika, ndipo ana ena ankamwa lopinavir. Kuyambira 2019 ambiri anasamukira ku dolutegravir, amene amatseka enzyme ina, ya integrase. Komabe nzeru ya chowala ndi chozimitsa ikugwirabe ntchito. Mlimi wa khofi wa ku Misuku akapereka magazi oti ayezedwe kuchuluka kwa tizilombo, mashini a PCR amene amalandira magaziwo ku labu amawerenga kuwala kumene kumatuluka chowala chikatalikirana ndi chozimitsa chake.

Mphamvu ya lipoti la Matayoshi ndi anzake ndi yakuti linafunsa funso limodzi laling'ono, n'kuliyankha ndi umboni wosasiya mpata. Silinachize munthu, koma linapatsa ofufuza muyezo wodalirika. Aphunzitsi a sayansi m'masekondale a ku Chitipa angachite bwino kulemba mzere wa ma amino asidi uja pa bolodi, n'kufunsa ophunzira kuti aloze pamene padzadulidwe ndi kufotokoza chifukwa chake kuwala kudzakwera.