Kuomba m'manja kokha sikukulitsa mlembi

Gulu lathu la alembi limakumana Loweruka masana kufupi ndi mishoni ya Fonte Boa, ndipo zina mwa zolembazo ndimakaziwerenga pa wailesi. Inenso ndine wa m'gulumo, choncho zimene ndinene pano zikundikhudza.

Ndakatulo zathu zambiri n'zofanana ngati kachewere wa m'thumba limodzi. Zimayamba ndi kudandaula za mowa kapena maukwati a ana, n'kutha ndi mawu akuti tisiye mchitidwewu. Malangizowo ndi abwino, koma mulibe munthu, mulibe mudzi. Ndakatulo yotere ingalembedwe ku Lilongwe kapena ku Chipata osasintha liwu limodzi. Ndikaiwerenga pa wailesi, foni siilira.

Mwezi watha mayi wina wa m'gulu lathu anabweretsa nkhani yosiyana. Ndi ya mkazi amene anathawira nkhondo ku Ntcheu, nabwerera mtendere wa 1992 utabwera. Anapeza nyumba yake ilibe denga, ndipo pakati pake patamera mtengo wa pichesi. Alamu ake akufuna kuudula kuti amangenso, iye akukana, poti akuti unamera pa njere imene anataya mwana wake amene anaikidwa ku Malawi. Nkhani ithera pomwepo, nkhwangwa ili m'manja. Mlembi sakutiuza amene akulondola. Nditaiwerenga pa wailesi, anthu anaimba foni mpaka nthawi ya pulogalamu kutha, ena akuti udulidwe, ena akuti ayi.

Komatu nkhaniyi ili ndi zofooka. Pakati pake pali miyambi itatu yotsatizana, pomwe umodzi ukanakwana. Anthu ake akulankhula Chinyanja cha m'buku la sukulu, chikhalirecho ife a m'malire timasakaniza ndi Chipwitikizi, timawerenga ndalama m'metikali ndi m'kwacha pamsika umodzi. Ndani anawauza mayiwa zimenezi? Palibe. Tinangoomba m'manja monga timachitira ndi aliyense, ndipo anapita kwawo osadziwa pamene achita bwino ndi pamene aterereka.

Mu 1970 ku Chancellor College, ku Malawi, kunayamba gulu la alembi limene munali Jack Mapanje ndi anzake. Ankawerengerana zolemba zawo n'kumazidzudzula poyera, mlembi ali pomwepo. M'gulu limenelo munatuluka alembi amene dziko likuwadziwa lero.

Pempho langa ndi ili: munthu akatha kuwerenga, tisanaombe m'manja, mmodzi anene chiganizo chimene chamugwira mtima, wina anene chimene chingachotsedwe. Tichite mwaulemu, koma tichite. Akuluakulu amene anaona nkhondo ija akutha, ndipo nkhani zawo zikalembedwa mofooka, ana athu sadzaziwerenga. Loweruka likudzali ndibweretsa ndakatulo yanga, muyambire pa ine.