Mvukuto Usanakwere pa Injini

Kuyambira pa Pontiac GTO ya 1964 kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, makampani a ku America ankapanga magalimoto amene eni ake amawatcha muscle car. Thupi lake ndi la galimoto wamba yotengera ana kusukulu, koma pansi pa boneti pamakhala chiinjini cha masilinda 8 chosalingana ndi thupilo. Mwini galimoto yotere sakhuta msanga. Akaona mnzake wabowola boneti, chitsulo chonyezimira chasuzumira kunja, lamba wamano akulira ngati nyenje, naye amanyamuka kupita kwa mmisiri wa mainjini kukafunsa ngati angamuikire supercharger.

Chipangizochi ndi mvukuto basi. Abale awiri, Philander ndi Francis Roots a ku Connersville, m'chigawo cha Indiana, analembetsa luso lawo kuboma mu 1860, ndipo makina awowo ankapemerera ng'anjo zosungunulira zitsulo. Amene anaonapo wosula makasu akuvukuta pachipala akudziwa kale nkhani yonse: moto umakula ndi mpweya. Injini yopanda mvukuto imayamwa mpweya monga momwe ungalowere wokha, pa mphamvu ya 14.7 psi ukakhala kugombe la nyanja yamchere. Mvukuto ukawonjezerapo 7 psi, silinda iliyonse imameza mpweya wina pafupifupi theka la wakale uja, motero ikhoza kuwotcha petulo wochulukirapo chimodzimodzi. Wotchuka uja wotulukira pa boneti amautcha 6-71, dzina lochokera ku injini za dizilo za Detroit Diesel za masilinda 6, iliyonse ya ma cubic inch 71. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anyamata othamangitsa magalimoto anayamba kuzula mivukuto pa injini zimenezi n'kumaiika pa injini za petulo.

Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kuyeza boneti. Amayamba wafunsa za kompureshoni. Titenge Chevrolet Chevelle SS 454 ya 1970, ija ya injini yotchedwa LS6: malita 7.4, horsepower 450, ndipo pisitoni imapanikiza mpweya ndi petulo pa mlingo wa 11.25 kwa 1. Injini imeneyi ili kale m'mphepete mwa phompho. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo mvukuto wa mtundu wa Roots umautenthetsa kwambiri usanalowe n'komwe m'silinda. Ukauponderezanso chomwecho, petulo wina sadikira kuti moto wa pulagi umufike mwadongosolo. Amaphulika yekha, injini n'kumagogoda ngati muli nyundo, ndipo pisitoni ikhoza kusweka m'kanthawi kochepa.

Chimene chimandigwira mtima pa ntchito imeneyi ndi chakuti mmisiri amayamba waifooketsa injiniyo dala. Amachotsa mapisitoni a mutu wotumphuka n'kuika osulidwa mwamphamvu, a mutu wolowa ngati mbale, kuti kompureshoni itsike kufika cha pa 8 kwa 1. Injini imeneyo mutailiza popanda mvukuto ingakhale yaulesi kuposa momwe inatulukira kufakitale. Mmisiri wasiya malo oti mpweya wa mvukuto udzakhalemo.

Kenaka pamabwera ntchito imene palibe adzaione, ya maringi. Ringi iliyonse yozungulira pisitoni ili ndi kampata pamene nsonga zake ziwiri zimayang'anizana. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, kampatako n'kumachepa. M'injini ya mvukuto kutentha kumakhala kwakukulu, ndipo nsongazo zikagundana ringi imasowa kolowera, imakanirira m'khoma la silinda n'kubenthula m'mphepete mwa pisitoni. Pa silinda ya mainchesi 4.25 ya injini ya 454, mpata wa pafupifupi theka la milimita ungakwane pa ntchito wamba, koma wa mvukuto umafuna kukulirapo pang'ono, kusiyana kwake ngati mapepala awiri ophatikiza. Mmisiri amalowetsa ringi m'silinda yake, amaikankha ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpatawo ndi timasamba tachitsulo topyapyala. Ukachepa, amaitulutsa n'kupala nsonga imodzi yokha ndi tupa, kuchokera kunja kulowera mkati kuti asasende chikutiro cha pamwamba. Amapala kawiri katatu, amasalaza m'mphepete, amabwezera, amayezanso. Akapitirira muyezo palibe kubwezera chitsulo, ringiyo yatayika. Masilinda 8, iliyonse maringi awiri ogwira kompureshoni, onse pamodzi 16, ndipo iliyonse amaisunga payokha ndi nambala ya silinda yake. Tsiku likhoza kuthera pamenepo.

Mvukuto ukakwera, samaulola kupemerera ndi mphamvu zonse tsiku loyamba. Liwiro lake limadalira kukula kwa mapule awiri amene lamba amazungulirapo, choncho amayamba ndi oupititsa pang'onopang'ono. Amachedwetsa moto wa mapulagi, amawonjezera petulo kuti aziziritse m'kati, amathamangitsa injini kamodzi n'kuizima. Akatero amamasula pulagi n'kuiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Timadontho takuda pa choyera chake timamuuza kuti kugogoda kwayamba, ngakhale khutu silinamve kanthu.

Si onse amafuna kubowola boneti. Mu 1966 wogula Shelby GT350 ankatha kuitanitsa mvukuto wa Paxton, wooneka ngati nkhono, umene umabisala pambali pa injini ndipo mphamvu yake imabwera injini ikafika pa liwiro lalikulu, pomwe wa Roots umakankha kuyambira pansi penipeni. Dodge Challenger Hellcat ya 2015 inatuluka ndi horsepower 707, mvukuto wake ukupemerera pa 11.6 psi, kompureshoni ili pa 9.5 kwa 1, chifukwa ili ndi zoziziritsira mpweya komanso kompyuta yomvetsera kugogoda. Chevelle ya kabyureta ilibe mlonda wotero kupatula maso ndi khutu la mmisiri. Ndipo mphamvu yatsopanoyo iyenera kudutsa pa kilatchi, giyabokosi ndi difu, kenaka mabuleki a 1970 aiimitse. Zonsezi mmisiri amamuwerengera mwini galimoto asanalandire ndalama.

Nthawi zina amakana, ndipo apa ndimamulemekeza koposa. Ngati Chevelle yabwerayo ili ndi injini yake yeniyeni, nambala yodindidwa pa buloko ikugwirizana ndi ya galimoto, amamuuza mwiniyo kuti injini imeneyo isaphwasulidwe chifukwa ina yotero sidzapangidwanso. Amaitsitsa bwinobwino, amathira mafuta m'masilinda, amaiphimba pakona pamodzi ndi boneti yake yosabowola. Ndiye amakasaka buloko ina ya 454 yochokera m'galimoto yonyamula katundu, amaitsuka, amaikhazika pachoimikira, n'kutsegula bokosi la maringi, tupa ali pambali.