Mwana wa Pretoria Amene Pretoria Sadamulere: Kuunika Mafilimu a Glynis Johns

Glynis Johns atamwalira ku Los Angeles pa 4 Januwale 2024 ali ndi zaka 100, nyuzipepala zambiri zidakumbutsa owerenga kuti katswiri wa mafilimuyu adabadwira ku Pretoria pa 5 Okutobala 1923. Izi n'zoona, koma kudali kubadwa kwa apaulendo. Bambo ake, Mervyn Johns, wochita zisudzo wa ku Wales, ndi mayi ake, Alyce Steele-Wareham, woimba piyano, adali paulendo woonetsa zisudzo mu South Africa, ndipo mwanayo adakakulira ku Britain. M'chaka chomwecho cha 1923 boma lidakhazikitsa lamulo la Natives (Urban Areas) Act, lomwe linkaona munthu wakuda m'tauni ngati mlendo wongobwera kudzagwira ntchito. Mpaka lero dzina la Pretoria limatsatira mwana wa alendo odutsa, pamene eni nthaka obadwira komweko ankafunsidwa mapasi. Choncho kumuwerengera Johns ngati wathu chifukwa cha malo obadwira sikutiphunzitsa kanthu. Chotipindulira n'kuona zimene mafilimu ake amaulula akaonedwa ndi munthu wa kuno.

Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti luso lalikulu la Johns lidali kusewera mkazi wooneka wopepuka mutu koma amene kwenikweni ndiye akuyendetsa nkhani, ndipo kuti zaka zikamapita, makampani a mafilimu ankagwiritsabe ntchito luso limeneli uku akuchepetsa mphamvu za mkaziyo. Mafilimu atatu akwanira kuonetsa zimenezi.

Johns adayamba kuoneka pa kanema mu 1938 m'filimu ya South Riding, koma adatchuka ndi Miranda (1948), yotsogoleredwa ndi Ken Annakin. Mmenemo iye ndi mkazi wa m'nyanja, theka munthu theka nsomba. Dokotala wina amapita kukawedza ku Cornwall, koma m'malo mwakuti msodzi agwire nsomba, nsomba ndiyo imagwira msodzi. Miranda amamusunga m'phanga lake ndipo amamumasula pokhapokha atalonjeza kupita naye ku London, komwe amayenda panjinga ya olumala, mchira ataufunditsa. Johns sasewera gawoli mokuwa ayi. Amalankhula motsitsa, ndi mawu ake osasa pang'ono aja, maso ali gwa pa mwamuna, ngati wosadziwa kanthu, chonsecho amuna atatu akuzungulira mutu chifukwa cha iye. Pomaliza amabwerera kunyanja mwa kufuna kwake, wosalangidwa ndiponso wosakwatiwa. Kwa filimu ya nthawi imeneyo, mathero oterewa sadali wamba.

Ku Hollywood zinthu zidasintha pang'ono. Mu The Court Jester (1955) Johns ndi Jean, kapitawo wa gulu la zigawenga zoteteza khanda loyenera kulowa ufumu. Danny Kaye ndi Hawkins, munthu wanthabwala wosazolowera nkhondo. Jean ndiye amakomola mlendo woseketsa mfumu ndi kukonza zoti Hawkins atenge dzina lake kuti alowe kunyumba yachifumu. Komabe nyimbo zambiri, nthabwala ndi ndewu ya malupanga yomaliza n'za Kaye. Ntchito ya Johns ndi kukhala mzati wosagwedezeka kuti mnzakeyo apeze pozungulira. Woonera watcheru adzaona kuti popanda nkhope yake yosaseka, misala ya Kaye ikadasowa poyezera. Mdani wa m'filimuyi, Basil Rathbone, nayenso adabadwira ku South Africa, mu mzinda wa Johannesburg mu 1892, ndipo nayenso adachokako ali mwana.

Pofika zaka za m'ma 1960, Johns nthawi zambiri sadalinso woyamba pa mndandanda wa osewera. Mu The Sundowners (1960) ya Fred Zinnemann, nkhani ya banja losamukasamuka loweta ndi kumeta nkhosa ku Australia, adapatsidwa gawo laling'ono la mwini hotela. Gawoli ndi limene lidamuika pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Oscar, kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo mphothoyo idapita kwa Shirley Jones.

Kenaka padabwera Mary Poppins (1964), filimu imene anthu ambiri amamudziwa nayo. Ali ndi zaka 40, Johns adasewera Mayi Banks, mkazi wa wogwira ntchito kubanki mu London wa 1910. Mwamuna wawo adaseweredwa ndi David Tomlinson, mmodzi wa amuna atatu aja a mu Miranda. Amene kale ankamupusitsa tsopano ndiye mutu wa banja. M'mabuku a P. L. Travers, Mayi Banks sadali womenyera ufulu wa amayi wovota. Mbali imeneyi idaonjezedwa ndi a kampani ya Disney, mwa zina pofuna kufotokoza chifukwa chake ana akusowa wowasamala. Motero kumenyera ufulu kukuonetsedwa ngati chinthu chochotsa mayi pakhomo. Mayi Banks amalowa m'nyumba akuimba za ufulu mwamphamvu, koma bambo akamafika amabisa malamba a nsalu olembedwa uthenga wa gulu lawo. Pamapeto pa filimu, lamba uja amamumangirira ku kaiti ya ana kuti akhale mchira.

Apa ndi pamene woonera wa ku Pretoria amasiyana ndi wa ku California. Ku South Africa amayi achizungu adapatsidwa voti mu 1930, ndipo chimodzi mwa zolinga za boma la Hertzog chidali kuchepetsa mphamvu ya mavoti a amuna akuda a ku Cape. Amayi akuda adadikira mpaka 1994. Pa 9 Ogasiti 1956 amayi pafupifupi 20,000, motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams, adafika ku Union Buildings kudzakana mapasi, ena ali ndi ana kumsana. Kwa amayi amenewa kulera mwana ndi kumenyera ufulu sizidali ntchito zolimbana. Wodziwa mbiri imeneyi sangaseke momasuka poona lamba akuuluka ndi kaiti.

Komabe sichingakhale chilungamo kumusenzetsa Johns mlandu wa olemba filimu. Chodabwitsa n'chakuti iye sasewera Mayi Banks ngati chitsiru. Chimwemwe chawo poimba n'chenicheni, ndipo akamavomereza zonena za amuna awo, maso amanena zina. Ndi luso lomwe lija la Miranda, koma tsopano lili m'khola. Zimene olemba adamulanda m'mawu, iye adazibweza ndi nkhope.

Amene adamvetsa bwino mawu ake adali wa zisudzo za pabwalo. Mu 1973 Stephen Sondheim adamupekera nyimbo ya Send in the Clowns mu sewero la A Little Night Music, m'mizere ifupiifupi yogwirizana ndi mpweya wake, ndipo Johns adapata mphotho ya Tony. Filimu ya seweroli itapangidwa mu 1977, gawolo lidapita kwa Elizabeth Taylor. Ku kanema Johns adatsalira ndi magawo a agogo, monga mu While You Were Sleeping (1995) ndi Superstar (1999), filimu yake yomaliza.

Ophunzira za kanema m'chigawo chino angapindule poonera mafilimu atatu aja motsatana, kuyambira kunyanja mpaka ku kaiti, n'kufunsa pa iliyonse kuti mkazi wanzeru walolezedwa kutsala ndi chiyani nkhani ikamatha. Funso lomwelo tingalifunsenso ku mafilimu athu a lero.