Phazi la ngoma ndi msilikali wotsala ku Burma

Ku Zomba kuli chipilala cha njerwa cha asilikali a King's African Rifles. Mwezi wa Novembala akuluakulu amakaikapo nkhata za maluwa, lipenga n'kulira, onse n'kukhala chete. Ulemu ulipo ndithu. Koma mayi wa ku Lizulu amene mwana wake anatsala m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944 sankalira chamumtima, ndipo ku Zombako mwina sanapondeko n'komwe. Kwathu ku Ntcheu mwamuna wofera kunkhondo timamulira ndi phazi.

Ndikunena gule wa ngoma. Alendo amatengeka ndi nthenga, zikopa ndi zishango, chonsecho luso lagona pa kudikira. Wotsogolera nyimbo amaponya mawu, gulu n'kuwalandira ndi liwu la m'chifuwa, phazi lili m'mwamba. Limalendewera kaye, kenako onse n'kuliponda pamodzi, di! Chisoni chimakhala m'kamphindi kameneko, phazi lisanagunde nthaka. Ovina ofulumirira kusangalatsa alendo amakameza kamphindiko, ngoma n'kungotsala fumbi ndi thukuta.

Maliro a msilikali wotereyu ngovuta kuimba chifukwa palibe mtembo, palibe mtumbira woti n'kulozapo. Amene manda awo sadziwika analembedwa maina pa Rangoon Memorial ku Taukkyan, komwe abale awo sadzafikako. Anzawo a nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, makamaka atengatenga, ambiri ngakhale dzina silinalembedwe, ndipo mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti panali tsankho. Choncho nyimbo ndiyo iyenera kukhala manda. Imutchule munthuyo ndi chiwongo chake, itchule mudzi wake, itchulenso dziko limene linamumeza. Nyimbo ya ngoma njaifupi, mawu ochepa obwerezabwereza, moti dzina likalowamo silitulukanso. Mwana amaliloweza asanadziwe n'komwe kuti mwiniwake anali yani.

Apa m'pamene opeka nyimbo amakono akundikhumudwitsa. Gomani Chikuse, amene azungu anamupha mu 1896, timamukumbukira pa Umhlangano ku Nkolimbo, ndipo m'poyenera. Koma adzukulu a ankhondo ake, amene anavala yunifolomu ya azungu omwewo n'kukafera kutsidya la nyanja, timangowaunjika m'thumba limodzi lakuti ngwazi zathu, opanda dzina. Kapena ndi manyazi. Ungamunyadire bwanji munthu wofera mfumu ya eni? Komatu funso limenelo ndiye nyimboyo. Wopeka waluso akanaliika m'kamwa mwa amayi oomba m'manja, amuna n'kusowa choyankha, n'kungoponda pansi.

Inu otsogolera nyimbo kwa Njolomole, kwa Ganya ndi kwa Makwangwala, agogo odziwa maina aja akutha. Kawafunseni chaka chino.