"Nditumizire 20 pini": malangizo a zida za AI zolumikiza ku banki ndi mneni wa Chichewa

Mu Novembala 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, dongosolo lothandiza pulogalamu ya AI kugwiritsa ntchito zida zakunja, kuphatikizapo zolipirira ndi zosunthira ndalama. Chida chilichonse chimakhala ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zomwe chiyenera kupatsidwa kuti chigwire ntchito. Chomwe chinandikopa monga wophunzira za zinenero nchakuti mawu ofotokozawo owerenga ake enieni si anthu ayi, ndi AI yomweyo. Ikawerenga ndi pomwe imasankha chida choti igwiritse ntchito. Ndiye mawu akalembedwa mosasamala, ndalama zimapita kolakwika.

Ndiyambe ndi zomwe alemba bwino. Zida za Stripe zili ndi mayina osapita m'mbali, mneni kenako dzina: create_refund, retrieve_balance. Mu 2025 dongosololi linawonjezeranso zizindikiro zouza AI ngati chida chimangowerenga, ngati chingawononge kanthu, kapena ngati kuchibwereza kawiri kumabala zotsatira zomwezo. Analembanso poyera kuti zizindikirozi ndi zongolozera chabe, sizoti munthu azikhulupirire ndi mtima wonse. Kunena zoona, kumeneko nkulemba kwabwino.

Koma malangizowa amayamba ntchito pamene chiganizo cha munthu chamveka kale. Kwathu ku Euthini, kwa Inkosi Chindi ku Mzimba, vuto limayambira pa chiganizo chomwecho. Stripe satsegulira akaunti mabizinesi a ku Malawi, inde, koma kalembedwe kameneka ndi komwe ena adzatengere, ndipo njira zake zilipo kale: Mo626 ya National Bank, Airtel Money, TNM Mpamba, Natswitch yomwe yakhala ikulumikiza mabanki kuyambira 2015, ndi Mukuru yomwe mabanja ambiri kuno amalandirira ndalama zochokera kwa abale a ku Joni. AI yoyankha m'Chichewa nayo inafika kale. Ulangizi, ya bungwe la Opportunity International, imalangiza alimi pa WhatsApp. Kungoti malangizo a ulimi akakukayikitsa umakafunsa mlangizi wa boma mawa lake. Ndalama zikapita pa nambala ya eni, kuzilondola ndi ntchito ya masiku.

Tiyeni titenge chiganizo chomwe ma ejenti amachimva tsiku ndi tsiku: "Nditumizire ndalama." Amene munaphunzira misintho ya aneni mwauzindikira kale msintho wochitira, uja wa -ir- ndi -er-, womwe Sam Mchombo anaufotokoza m'buku lake la The Syntax of Chichewa la 2004. Msinthowu umabweretsa munthu wina m'chiganizo koma sunena udindo wake. "Nditumizire" angatanthauze kuti ndalama zibwere kwa ine, angatanthauzenso kuti utumize m'malo mwanga kwa wina. "Atumizireni amayi" ndiye kaya amayiwo ndi olandira, kaya ndi eni ndalama amene sadziwa kudina foni. Ejenti wa pa Euthini savutika nazo, amangoona ngati munthu wagwira ndalama m'manja, apo ayi amafunsa kuti "zikupita kwa ndani?" Chida chotumizira ndalama chili ndi malo a wotumiza ndi malo a wolandira basi. AI iyenera kudzaza malowo, ndipo ikapanda kuuzidwa kuti ifunse, idzangopenekera. M'Chitumbuka, chomwe ambiri kuno amalankhula pakhomo, "nitumizgirani" ali ndi nkhope ziwiri zomwezo, choncho kusintha chinenero sikuthetsa kanthu.

Mneni "kubweza" ndiye wovuta kuposa. Wogulitsa amabweza ndalama za katundu wokanidwa, wangongole amabweza ngongole, wa golosale amabweza chenji, ndipo yemwe walandira ndalama mwangozi amazibwezanso. Kwa banki izi ndi ntchito zosiyana, zina zimachotsa ndalama mu akaunti yako, zina zimaikamo. Dzina loti create_refund likukwanira imodzi yokha. "Kubwereka" nakonso nchimodzimodzi: "ndabwereka" ndi wotenga, "ndibwereke" akupempha wopereka.

Pali kachidutswa kena kakang'ono, -nso. Netiweki ikadula pakati, zomwe si zachilendo kumidzi, munthu amati "tumizanso." Kodi akuti yesanso chifukwa zoyamba zija sizinapite, kapena akuti onjezera zina? Apa mpomwe chizindikiro chija cha kubwereza chikanathandiza, koma chimangonena za khalidwe la chida. Sichiuza AI kuti iyambe yaona ngati ndalama zoyamba zinadutsa.

Za manambala ndingodutsapo. Stripe imawerenga ndalama m'timagawo tating'ono kwambiri, monga masenti. Kwa ife ndiye matambala, omwe palibe amawatchula pamsika, moti 20,000 ikawerengedwa ngati matambala imasanduka K200. Achinyamata nawo amati "20 pini" kutanthauza K20,000, pomwe pini inanso ndi nambala yachinsinsi ija.

Mnzanga wina wa zamakompyuta anandiyankha kuti zimenezi si ntchito ya malangizo a chida, kumva chinenero ndi ntchito ya AI yomwe. Mbali ina akunena zoona, ndipo sindikupempha kuti malangizowo amasuliridwe m'Chichewa. AI imawerenga Chingerezi bwino kuposa Chichewa. Koma AI singadziwe payokha kuti ndi pati pomwe kupenekera kuli koopsa. Wodziwa zimenezo ndi mwini chida, ndipo malo ozinenera ndi m'mawu ofotokoza aja. Banki ya ku Malawi ikadzalemba chida chake, ndingakonde kudzaonamo ziganizo zitatu: kuti wolandira akapanda kutchulidwa ndi dzina kapena nambala AI ifunse, kuti isanabwereze kutumiza iyambe yaona zomwe zinachitika poyamba, ndiponso kuti isanadine iwerengere munthuyo zonse m'chinenero chake, popanda msintho wochitira. M'malo mwa "ndikukutumizirani K20,000," inene kuti "K20,000 ichoka mu akaunti yanu, ipita pa nambala yakutiyakuti, ya dzina lakutilakuti, ndipo adula zakutizakuti. Ndipitirize?"